Mbiri ya Nyumba Zosungiramo Magalimoto Akale ndi Nkhawa za Kasungidwe Kake

Mwa zinthu zonse zimene zimasungidwa m'nyumba zoonetseramo zinthu zakale, zomwe ambiri amazitchula kuti myuziyamu, galimoto ndi chimodzi mwa zovuta kwambiri kusamala, chifukwa amene anaipanga ankafuna kuti iyende, ithe, kenako ina ilowe m'malo mwake, ndipo za kukhala zaka mazana sanaziganizire n'komwe. Mbiya yadothi ndi chinthu cha mtundu umodzi, moti wosunga akadziwa zimene dothilo limafuna ntchito yake imapepuka, koma m'galimoto imodzi muli chitsulo, aluminiyamu, mkuwa, matabwa, chikopa, nsalu, labala, magalasi, penti ndi mafuta amitundumitundu, ndipo chimene chimateteza chimodzi mwa zimenezi nthawi zambiri chimawononga chinzake. Komabe mbiri ya nyumba zosungiramo magalimoto ku Ulaya ndi ku America ikusonyeza kuti dzimbiri linawononga gawo chabe la zimene zinatayika. Magalimoto ambiri anatha chifukwa chosowa powaika, chifukwa cha ngongole kapena imfa ya eni ake, ndiponso chifukwa cha changu cha anthu amene ankawakonda, omwe pofuna kuti awale ngati atsopano anachotsa ndi kutaya zida zenizeni zimene zikanafotokoza mbiri yake.

Magalimoto oyambirira amene alipobe lero anapulumuka chifukwa anafika msanga m'manja mwa mabungwe okhazikika a zasayansi. Ngolo yoyendera nthunzi imene Nicolas-Joseph Cugnot anapangira asilikali a dziko la France cha m'ma 1770, kuti izinyamula mizinga, inasamutsidwira ku Conservatoire des Arts et Métiers mumzinda wa Paris mu 1800, ndipo ikadali komweko. Galimoto ya mawilo atatu ya Karl Benz ya mu 1886, mwini wakeyo anaipereka ku Deutsches Museum mumzinda wa Munich mu 1906. Zinayenda mosiyana ndi myuziyamu yoyamba ya magalimoto okhaokha ku Britain, imene Edmund Dangerfield, wofalitsa magazini ya The Motor, anatsegula mumsewu wa Oxford Street ku London mu 1912. Mu 1914 magalimotowo anawasamutsira ku Crystal Palace, koma nkhondo yoyamba ya padziko lonse itabuka malowo anatengedwa ndi asilikali apanyanja, ndipo poti panalibe bungwe lokhala ndi nyumba yake kapena thumba la ndalama loti liwasamale, ena anabwerera kwa eni ake, ena analandiridwa ndi myuziyamu zina, ndipo otsalawo anasiyidwa panja mpaka kuwonongeka. Zimene zinachitikira Dangerfield zakhala zikubwerezedwa kangapo m'zaka zoposa 100 zotsatira.

Kuti nkhawa za osunga zimveke bwino, m'pofunika kudziwa zimene zimachitikira galimoto imene yangoimikidwa. Petulo akakhalitsa m'thanki, gawo lake lopepuka limauluka n'kusiya zomata zofiirira ngati phula, zomwe zimatseka timabowo ta m'kabyuleta, chida chosakaniza mafuta ndi mpweya. Ndipo petulo wamakono wosakaniza ndi ethanol amakoka madzi a mumpweya, moti thanki imayamba kuchita dzimbiri kuchokera m'kati, kumene diso siliona. Oyilo amene anagwirapo kale ntchito amakhala ndi asidi wotsalira pa kuyaka kwa mafuta, ndipo asidiyo amadya pang'onopang'ono zitsulo zofewa zimene injini imazungulirapo. Mafuta a mabuleki amayamwanso chinyezi, kotero kuti timapisitoni ta m'mawilo timagwirana ndi dzimbiri osasunthanso. Timalabala totseka mipata timauma n'kusweka, madzi osiyidwa mu redieta amatseka njira zake ndi zinyalala za chitsulo, batire imadontha asidi pa chitsulo chimene yakhalapo, ndipo matayala amaphwatalala mbali imene yagunda pansi. N'chifukwa chake myuziyamu zosamala zimakhetsa mafuta akale, zimachotsa batire, ndipo zimakhazika galimoto pa timiyendo tachitsulo tobisika kuseri kwa mawilo, kuti kulemera kwake kusatsamire matayala ndi masipuling'i.

Vuto lalikulu koposa lili mumpweya wa m'chipindamo. Chinyezi cha mumpweya chimayezedwa m'maperesenti, ndipo chikapitirira cha m'ma 60 chitsulo chimayamba kuchita dzimbiri mofulumira, pamene chikakwera kuposa pamenepo nkhungu imamera pa chikopa ndi pa nsalu za mipando. Koma mpweya ukauma kwambiri, chikopa chimang'ambika ndipo matabwa amafota, chomwe ndi chinthu choopsa poti magalimoto ambiri a nkhondo yachiwiri isanayambe anali ndi mafupa a matabwa, pomwe malata a kunja ankakhomedwapo ndi misomali. Thabwalo likafota misomali imakhwefuka, zitseko zimalendewera ndipo penti imasweka m'malire mwa malata. Motero osunga amayesetsa kuti chinyezi chikhale chapakati, cha m'ma 50, ndipo chofunika kwambiri n'chakuti chisamakwere ndi kutsika mwadzidzidzi pakati pa usana ndi usiku. Kuwala kwa dzuwa kumasulutsa penti ndi nsalu, njenjete zimadya ubweya wa m'mipando, makoswe amatafuna mawaya n'kumanga zisa m'kati mwa zitseko. Palinso zida zina zimene zimadziwononga zokha ngakhale m'chipinda chabwino, monga mawindo a seluloyidi, pulasitiki yoyambirira imene imasanduka yachikasu n'kuphwanyika, ndi zigwiriro zoumbidwa ndi zinki wosayengeka bwino, zomwe zimafufuma n'kung'aluka kuchokera m'kati. Kuwongolera mpweya wa m'nyumba yaikulu yokwana magalimoto mazana kumadya ndalama zambiri chaka ndi chaka, ndipo ndalama zimenezi alendo saziona, n'chifukwa chake ndi zimene zimayamba kudulidwa zinthu zikavuta.

Pamenepa m'pamene pamachokera mkangano wakale wa pakati pa amene amati galimoto yakale iziyendetsedwa ndi amene amati isamayendetsedwe n'komwe. Ku Britain mwambo woyendetsa unazika mizu kale. Pa 14 November 1896 eni magalimoto anayenda kuchokera ku London kupita ku Brighton pokondwerera lamulo limene linakweza liwiro lololedwa kufika pa mamailosi 14 pa ola, ndipo ulendowu unayambitsidwanso mu 1927 ngati chikumbutso, moti mpaka pano magalimoto opangidwa chisanafike chaka cha 1905 amayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 96 umenewu mwezi wa November. Oikira kumbuyo mwambowu amanena zoona akamati injini yosalizidwa imagwirana, ndiponso kuti phokoso, fungo ndi luso loyendetsa galimoto yotere ndi mbali ya zimene ziyenera kusungidwa, poti luso likafa ndi amakaniko ake silipezekanso m'buku. Koma otsutsa nawonso ali ndi mfundo yolemera, yakuti ulendo uliwonse umaperepesa chitsulo chimene sichingabwezedwe, ndipo galimoto yoyenda imafuna matayala, mabuleki ndi mapisitoni atsopano, mpaka patapita zaka makumi angapo imatsala ndi dzina ndi nambala yokha ya galimoto yoyambayo.

Palibe malo amene mafunso onsewa anakumana poyera ngati mumzinda wa Mulhouse, m'chigawo cha Alsace ku France. Abale awiri, Hans ndi Fritz Schlumpf, nzika za Switzerland zomwe zinalemera ndi mafakitale opota ubweya wa nkhosa, anagula fakitale yakale ya nsalu mumzindawo mu 1957, ndipo kuyambira cha m'ma 1960 Fritz anayamba kugula magalimoto akale mwaunyinji, makamaka a mtundu wa Bugatti, omwe ankapangidwa ku Molsheim m'chigawo chomwecho. Mu 1963 anagula magalimoto amene anatsala m'manja mwa kampani ya Bugatti, kuphatikizapo Royale ya mwini kampaniyo, imodzi mwa magalimoto 6 okha a mtunduwu amene anapangidwa. Ndipo mu 1964 sitima inanyamula magalimoto 30 a Bugatti kuchokera kwa John Shakespeare wa ku Illinois ku America, ulendo wa ku Mulhouse. Zonsezi zinkachitika mwakabisira. Amisiri makumi angapo, amakaniko, osoka mipando ndi opaka penti, ankagwira ntchito kuseri kwa makoma a fakitale atalamulidwa kusaulula kanthu, ndipo holo yaikulu inakonzedwa ndi timisewu ta matailosi, miyala yoyera yoikapo magalimoto, ndi nyale mazanamazana zofanizira za pa mlatho wa Alexandre III wa ku Paris. Magalimoto ambiri anakonzedwa motsatira zokonda za Fritz, ndipo Bugatti zochuluka zinapakidwa penti yabuluu, mtundu wa magalimoto ampikisano a dziko la France.

Malonda a nsalu atalowa pansi m'zaka za m'ma 1970, mafakitale a abalewa anagwa mu 1976, anthu pafupifupi 2,000 anatsala opanda ntchito, ndipo eni akewo anathawira ku Basel. Pa 7 March 1977 ogwira ntchito a m'mabungwe a anthu apantchito analowa m'fakitale ya ku Mulhouse n'kupeza magalimoto oposa 400 atandandalikidwa pansi pa nyale zija. Mkwiyo wawo ndi womveka, pakuti anaona ndi maso kumene kunkapita phindu la thukuta lawo pamene iwo ankakanizidwa malipiro abwino. Koma choyenera kukumbukiridwa n'chakuti anthu okwiyawa sanamwaze chumacho. Anachilondera kwa zaka ziwiri, anatcha malowo myuziyamu ya anthu apantchito, ndipo anatsegula zitseko kuti aliyense aone, moti anthu pafupifupi 800,000 anafika. Mu 1978 boma la France linaika magalimotowa m'kaundula wa chuma cha mbiri ya dziko, zomwe zinatanthauza kuti sangatulutsidwe m'dzikomo ndi kugulitsidwa kunja pofuna kubweza ngongole. Mu 1981 anagulidwa pa mtengo wa mafulanki 44 miliyoni ndi bungwe limene munali mzinda wa Mulhouse, maboma a m'chigawocho ndi Automobile Club de France, ndipo myuziyamu inatsegulidwa kwa anthu onse pa 10 July 1982. Milandu inapitirira kwa zaka zambiri, ndipo khoti linalamula kuti dzina la Schlumpf libwezeretsedwe pa dzina la malowo.

Mbali ya nkhaniyi imene imakhudza kwambiri kasungidwe ndi ya magalimoto ena pafupifupi 60 amene abalewa anawaunjika m'nyumba za fakitale yawo ina, m'mudzi wa Malmerspach, kudikira kukonzedwa kapena kuchotsedwa masipeya. Magalimoto amenewa anakhala m'fumbi kwa zaka makumi angapo milandu ili m'kati, mpaka anabwezedwa kwa mkazi wamasiye wa Fritz mu 1999, ndipo mayiyo atamwalira mu 2008 anagulitsidwa, ena n'kupita kwa wosonkhanitsa magalimoto Peter Mullin ku California. Kunyalanyazidwako kunawawononga ndithu, ndipo palibe wosunga wanzeru amene angakuyamikire. Komabe, poti amisiri sanawafikire, anatsala ndi penti yawo yoyamba, chikopa chosokedwa ndi manja a amisiri a m'zaka za m'ma 1930, ndi misomali ili m'malo amene inakhomedwa, zinthu zimene wofufuza mbiri sangazipezenso pa galimoto yonyezimira imene inapalidwa mpaka pa chitsulo.

Ku America nkhani yofanana nayo inatha mosiyana. William F. Harrah, mwini nyumba za juga ku Nevada, anasonkhanitsa magalimoto pafupifupi 1,400 pafupi ndi mzinda wa Reno, pamodzi ndi magalaja ndi laibulale yaikulu ya mabuku a zamagalimoto, koma pamene ankamwalira mu 1978 sanasiye dongosolo loteteza chumachi. Kampani ya Holiday Inns itagula bizinesi yake mu 1980, magalimoto ambiri anagulitsidwa pa okushoni pakati pa 1984 ndi 1986, ndipo anthu atadandaula kwambiri kampaniyo inapereka magalimoto 175 ndi laibulale ija, zomwe zinakhala maziko a National Automobile Museum imene inatsegulidwa ku Reno mu 1989. Mwa opulumukawo muli Thomas Flyer ya mu 1907, imene inapambana mpikisano wochokera ku New York kukafika ku Paris mu 1908. Harrah ataigula mu 1964 anaitanitsa George Schuster, yemwe anaiyendetsa pa mpikisanowo ndipo pa nthawiyi anali ndi zaka zoposa 90. Mkuluyu poyamba ankakayika ngati inalidi galimoto yake, mpaka pamene amakaniko anaiphwasula iye n'kuzindikira ming'alu ndi zigamba za pa chasisi zimene anakonza yekha ali pa ulendo. Chikhala kuti wina anali atawotcherera bwino malo amenewo n'kuwasalaza, umboni wokhawo wotsimikizira galimotoyo ukanafafanizika, ndipo Harrah anachita bwino kuibwezera m'maonekedwe amene inali nawo pofika ku Paris m'malo moisandutsa yatsopano.

Kusiyana kwa Reno ndi Beaulieu, kum'mwera kwa England, kuli pa umwini. Lord Montagu anayamba ndi magalimoto asanu m'chipinda cholowera cha nyumba yake ku Beaulieu mu 1952, pokumbukira bambo ake amene anali m'gulu la oyamba kulimbikitsa magalimoto ku Britain, koma mu 1972 ntchitoyo inaikidwa m'manja mwa bungwe losapanga phindu pansi pa dzina la National Motor Museum, kotero kuti iye atamwalira mu 2015 myuziyamuyo inapitirira. Myuziyamu ya Peter Mullin uja ku Oxnard ku California, ngakhale inali yosamalidwa mwaluso, inatsekedwa mu February 2024, patangopita miyezi yochepa mwini wake atamwalira, ndipo magalimoto ambiri anagulitsidwa. Galimoto ikhoza kukhala m'chipinda cha mpweya woyenera kwa zaka 30, koma ngati chikalata cha umwini chili m'dzina la munthu mmodzi, tsogolo lake limadalira moyo ndi thumba la munthuyo.

Maganizo pa za kukonza anasintha pang'onopang'ono. Kwa zaka zambiri chizolowezi chinali kukonzanso, kutanthauza kuphwasula galimoto yonse, kupala penti yakale, kusoka mipando ina ndi kuika zitsulo zatsopano, nthawi zina mpaka kuposa mmene inatulukira ku fakitale. Njira inayo ndi kuteteza, komwe ndi kuyeretsa mosamala, kuletsa dzimbiri kuti lisapitirire, kudyetsa chikopa ndi kumata penti imene ikusupuka, popanda kuchotsa chimene chingapulumuke. Bungwe la padziko lonse la magalimoto akale la FIVA, lomwe limati galimoto ya mbiri ndi ya zaka zosachepera 30, linalemba mfundo zake m'chikalata chotchedwa Charter of Turin, chimene chinayamba kugwira ntchito pa 29 January 2013 motsanzira Venice Charter ya mu 1964 yokhudza nyumba zakale. Chikalatachi chimalola kuti magalimoto aziyenda, koma chimafuna kuti zosintha zimene galimoto inakumana nazo pa moyo wake zilemekezedwe ngati mbali ya mbiri yake, kuti chilichonse chokonzedwa chilembedwe ndi kujambulidwa, ndiponso kuti chida chatsopano chizidziwika kuti n'chatsopano. Zitsanzo za maganizowa zinayamba kuonekera. Bugatti ya mu 1925 imene inavuulidwa m'nyanja ya Maggiore mu 2009, itakhala pansi pa madzi zaka zoposa 70, inaonetsedwa ku Oxnard mmene inatulukira, mbali imene inakwiririka m'matope ili yosungika kuposa imene inali m'madzi. Ndipo mu 2024, ku chionetsero cha Pebble Beach ku California, komwe kwa zaka zambiri kunkapambana magalimoto okonzedwanso monyezimira, mphoto yaikulu inapita kwa nthawi yoyamba kwa galimoto ya m'gulu la zotetezedwa, Bugatti Type 59 ya mu 1934.

Ngozi zadzidzidzi nazo zaphunzitsa osunga zinthu zina. Moto umene unabuka ku National Motorcycle Museum pafupi ndi Birmingham mu September 2003 unawononga njinga zamoto mazana angapo, ndipo unakumbutsa onse kuti nyumba yodzaza ndi labala, mafuta ndi nsalu imayaka mofulumira. Pa 12 February 2014, m'bandakucha, pansi pa National Corvette Museum ku Bowling Green m'chigawo cha Kentucky panatitimira, chifukwa nyumbayo inamangidwa pamwamba pa miyala ya laimu imene madzi apansi anaifukula n'kupanga mapanga, ndipo magalimoto 8 anagwera m'dzenjemo. Atatu anakonzedwa, asanu anasiyidwa ophwanyika kuti akhale umboni wa tsikulo. Pokonza Corvette ya mu 1992, imene inali ya nambala 1 miliyoni kupangidwa, amisiri anapeza kuti ogwira ntchito m'fakitale anasaina mayina awo kuseri kwa zida zake, ndipo chifukwa cha zimenezi anayesetsa kupulumutsa zida zowonongekazo m'malo moika zina.

Nkhawa imene imabuka kawirikawiri pakati pa okonda magalimoto, makamaka amene anapereka galimoto ya banja lawo ku myuziyamu, ndi ya nyumba zakuseri, pakuti myuziyamu zambiri zimaonetsa gawo chabe la zimene zili nazo, ndipo zotsalazo zimakhala m'mashedi obwereka, m'nyumba zakale zosungiramo ndege kapena m'zipinda zapansi, komwe denga lodontha lingathe zaka lisanaonedwe ndi mlendo aliyense. Yankho labwino limene lapezeka ndi kutsegula nyumba zimenezi. British Motor Museum ya ku Gaydon inatsegula mu 2016 nyumba yotchedwa Collections Centre, momwe magalimoto pafupifupi 250 osaikidwa pa chionetsero chachikulu, kuphatikizapo a bungwe losunga mbiri ya Jaguar, amaima mothithikana koma poonekera, ndipo alendo amatha kuyang'ana amakaniko ali pa ntchito m'galaja. Phindu lake ndi loposa kusangalatsa alendo, chifukwa malo amene anthu amalowamo tsiku ndi tsiku sangasiyidwe kuti adonthe.

Magalimoto a m'zaka zaposachedwa akubweretsa mavuto amene osunga a m'nthawi ya Montagu ndi Harrah sanakumane nawo. Chida chachitsulo cha galimoto ya mu 1910 mmisiri waluso angathe kuchisula pa makina ake, koma pulasitiki ya m'magalimoto a m'ma 1980 imauma n'kuphwanyika kapena kusanduka yomata, ndipo tizipangizo ta kompyuta toyendetsa injini tikafa sitisulika. McLaren F1 ya m'ma 1990 inakhala zaka zambiri ikudalira laputopu yakale ya Compaq kuti amakaniko alankhule ndi kompyuta yake, moti kusunga galimotoyo kunatanthauza kusunganso laputopuyo ndi mapulogalamu ake. Mabatire akuluakulu a magalimoto amagetsi amawonongeka akangokhala osatchajidwa, ndipo a lithiyamu akayaka moto wake ndi wovuta kuzimitsa, zomwe zimakakamiza myuziyamu kusankha pakati pa kuchotsa batire, chomwe ndi chida chachikulu cha galimotoyo, ndi kuisunga moika nyumba yonse pa ngozi. Ngakhale opanga enieniwo amatha kuchepetsa zimene zingasungidwe: mwa magalimoto amagetsi a EV1 okwana 1,117 amene General Motors inapanga pakati pa 1996 ndi 1999, ambiri kampaniyo inawalanda kwa obwereka n'kuwaphwanya, pafupifupi 40 inawapereka ku myuziyamu ndi ku mayunivesite itawathimitsa kuti asayendenso, ndipo imene inaperekedwa ku Smithsonian Institution ku Washington ndi imene inasiyidwa yathunthu.